Theka Lina la Golide

Pelenaise anali ndi chizolowezi chimodzi chimene azakhali ake analephera kumuleketsa. Munthu akamamuyankhula, iye sankamuyang'ana m'maso. Ankamuyang'ana m'kamwa. Kaya ndi abusa akulalikira, kaya ndi kapitawo wa kolongedzera mphesa akukalipa, Pele maso ali pa mano. Ilo labooka. Ilo latsala pang'ono kugwa. Uyu mswachi anasiyana nawo kalekale.

"Tsiku lina wina adzakuluma," ankatero Mayi Kalolaine, mlongo wa malemu bambo ake, amene anamulera kuno ku Robinvale, m'dziko la Australia.

"Akandiluma ndidzawerenga mano ake pabalapo, azakhali."

Chizolowezi chimenechi n'chimene chinamutengera ku koleji ya ku Mildura kukaphunzira ntchito yothandizira dokotala wa mano. N'chomwechonso chimene chinamugwetsera m'manja mwa Kelepi.

Unali m'mawa wa mu Julaye, chisanu chikuluma makutu. Pele anali pa siteji kudikira basi ya ku Mildura, manja atawabisa m'khwapa. Mnyamata wina wamtali, wovala jekete la kumunda, anabwera n'kuima pambali pake. Anayasamula. Pele anaona kanthu kakung'anima.

Anayang'ana. Anayang'anitsitsa.

"Achemwali," anatero mnyamatayo m'chiyankhulo cha kwathu ku zilumba za Tonga, "mwataya kanthu m'kamwa mwangamu?"

Pele sanachite manyazi. "Anakuikani ndani golideyo?"

"Moni kaye, nanga! Kwanu sapereka moni?"

"Moni. Anakuikani ndani?"

Mnyamatayo anaseka chikhakhali, ndipo Pele anaona bwinobwino. Pa dzino lakutsogolo, lam'mwamba, panali kagolide kosulidwa ngati mtima wodulidwa pakati. Mano a golide kwa ife si nkhani. Mayi akamwalira, ana amasungunula mphete yawo n'kuiika pa mano, kuti akamaseka aziseka ndi mayi awo. Koma mtima wodula pakati chonchi Pele anali asanauonepo.

"Ndine Kelepi, wa ku zilumba za Ha'apai. Ndimagwira m'minda ya mtedza wa amondi. Golideyu ndi mphete ya malemu mayi anga. Ndinauza wosula kuti aidule pawiri."

"Theka linalo lili kuti?"

Kelepi anatsitsa mawu. "Likudikira mwini wake."

"Lidikira mpaka litopa. Ndipo musamatsuke mano ngati mukukwecha poto, usinini wanu ukuthawa."

Basi inafika. Kelepi sankapita ku Mildura, ankadikira galimoto ya kuntchito. Koma anakwera! Anajomba tsiku lonse chifukwa chofuna nambala ya foni basi. Ndi mtsikana uti amene mtima wake sungagwedezeke ndi zimenezo?

Kuyambira tsiku limenelo foni ya Pele sinapumenso.

"Wadzuka bwanji dokotala wanga? Mtima ukundiwawa, uli ndi mankhwala?"

"Sindine dokotala. Pita kuchipatala."

"Ukamandiyankha mwamwano ndi pamene ndimafa nawe, shuga wanga."

"Usanditchule shuga. Shuga amaboola mano."

"Chabwino, mswachi wanga."

Pele anaseka m'kalasi mpaka aphunzitsi anatembenuka.

Lamulungu masana ankakhala m'mphepete mwa mtsinje wa Murray, akumwa madzi a vwende osakaniza ndi kokonati amene Pele ankabwera nawo m'botolo. Kelepi ankaimba, ndipo mawu anali nawo, zimenezo palibe angatsutse. Akamaliza kuimba ankayamba malonjezo.

"Duwa langa, ukangomaliza sukuluyi ndipita nawe ku Tonga, ku mzinda wa Nuku'alofa. Theka lija lili m'kabokosi kwa mlongo wanga. Adzakuika pa dzino ili." Anamukhudza pa mlomo ndi chala. "Tikamaseka limodzi, anthu azidzaona mtima wathunthu."

"Ukunama."

"Ndikulumbira pa manda a mayi anga."

Munthu angalumbire pa manda a mayi ake akunama? Pele anakhulupirira.

Tsiku limene anabwera naye kunyumba, Kelepi ananyamula katoni ya nyama ya nkhosa pamutu, n'kukhala pansi pafupi ndi khomo ngati mwana woleredwa bwino. Anadya chinangwa, anayamikira, anaimba nyimbo ya m'buku mpaka Mayi Kalolaine anapukuta m'maso. Koma atangotuluka, azakhaliwo anauma nkhope.

"Mwana wa ndani ameneyu?"

"Makolo ake anamwalira, azakhali."

"Sindinafunse amene anamwalira. Ndafunsa amene ali moyo. Amapemphera kuti?"

"Amagwira ntchito Lamulungu m'mawa."

"Iwe Pele, munthu wa ku Tonga wopanda abale kulibe. Ukamuona alibe abale, dziwa kuti wawabisa."

Pele anangopotoza mlomo. Achikulire amadziwa chiyani za chikondi?

Sukulu inali ikupita kumapeto. Zolemba zonse Pele anakhoza. Chimene chinatsala ndi mayeso a manja, kugwira ntchito pa wodwala weniweni, woyesa atakhala pakona akuyang'ana. Woyesayo anali Mayi Doherty, mzimayi wowonda, wa tsitsi loyera, amene sankamwetulira chisawawa.

Lamulo lawo lalikulu aliyense ankalidziwa pamtima. Dzanja likavala golovesi, limakhudza zida ndi m'kamwa mwa wodwala, basi. Tsitsi ayi. Mphuno ikayabwa, iyabwe. Ukakhudza china, vula, samba, vala ena.

Tsiku la mayeso zonse zinkayenda bwino. Zida anaziyala mwa dongosolo, wodwala anamukhazika bwino. Kenaka foni inanjenjemera m'thumba. Pele sanaitulutse ayi. Anangogwira thumbalo kunja, kamphindi, ngati munthu wotonthoza mwana. Ndiyeno dzanja lomwelo linapita pa thireyi n'kutola kagalasi koonera m'kamwa.

"Ima pomwepo," anatero Mayi Doherty, mawu ali phee. "Ika kagalasiko pansi."

Panja anamuuza mosazungulira. "Pelenaise, manja uli nawo abwino, koma mutu wako uli m'thumba. Ndikupatsa mpata umodzi, sabata ya Pasaka. Ukalephera pamenepo, uyambiranso chaka chonse."

Kuyambiranso? Malo amene anaphunzirirapo anali a ulere, ndipo sapereka kawiri. Kulephera kunali kubwerera kolongedzera mphesa.

Ali m'basi anatsegula uthenga umene unamugwetsa uja. Unali wa mawu atatu: "Ndakusowa, mswachi wanga."

Atamufotokozera, Kelepi anamukumbatira. "Usalire, kamtima kanga. Ukuvutikiranji ndi malovu a anthu? Siya. Ndilipo ine. Mkazi wanga sadzagwira ntchito."

Zinamveka zokoma. Pele anafika kunyumba atatsala pang'ono kuvomera, ndipo anawauza azakhali ake choncho.

Mayi Kalolaine sanakalipe. Anangotambasula manja awo patebulo, zala zopindika, zikhadabo zosweka ndi makatoni a zaka zambiri.

"Ona. Ukufuna ako adzaoneke chonchi? Tenga vwende ilo."

"Vwende?"

"Ndati tenga!"

Analiboola pakamwa ndi mpeni n'kuligoneka pa pilo. Vwende linakhala wodwala, Mayi Kalolaine dokotala, masipuni ndi mafoloko zida. Tsiku lililonse akaweruka, Pele ankavala magolovesi n'kumapatsira zida m'dzanja la azakhali ake, foni ili m'thumba. Ndipo azakhaliwo, ndi dzanja linalo kuseri kwa diresi, ankamuimbira dala. Foni ikanjenjemera, dzanja la Pele likangosuntha, sipuni inkatera pa chala. Khwa!

"Azakhali, mundithyola!"

"Bola ndikuthyole ine kusiyana n'kuti akuthyole wa m'minda uja."

Mavwende anatha ambiri. Pofika sabata ya Pasaka, foni inkatha kulira mpaka kutopa, Pele osaphethira n'komwe.

Masiku amenewo Kelepi ankasowa. Anati amondi acha, akukolola osapuma. Mauthenga okha ndi amene ankabwera. M'mawa wa mayeso analemba kuti: "Lero ukhoza, mkazi wanga wam'tsogolo. Theka lako likukudikira." Pele anawerenga, anapsompsona foniyo, anaizimitsa, n'kuitsekera m'kabati.

Mayeso achiwiriwa anali pa chipatala cha mano cha Dokotala Marchetti, bambo wa dazi, wokonda kuimba mluzu akamagwira ntchito. Mayi Doherty anakhala pakona. Wodwala anali aliyense amene abwere nthawi imeneyo.

Analowa mzimayi wa thupi lodzaza bwino, wamkulupo pang'ono kwa Pele, atavala diresi la kwaya ndi kamkeka m'chiuno monga timavalira popita pa ulemu. Dzanja anali atatseka nalo pakamwa.

"Awa ndi a Losaline," anatero dokotala. "Abwera ndi kwaya kuchokera ku Tonga, kudzaimba ku msonkhano wa Pasaka. Chingerezi n'chovuta. Mwayi wathu, Pele, uzimasulira."

Pele anawapatsa moni wa kwathu. Nkhope ya mayiyo inamasuka nthawi yomweyo.

"Ee, mwana wakwathu! Mulungu ndi wabwino. Mng'ono wanga, dzino likugwedera, ndipo Lachisanu ndiimba patsogolo."

Pele anawagoneka pa mpando, anawaveka kansalu pachifuwa, anawapatsa magalasi. Anasamba m'manja, anavala chophimba kukamwa, magalasi ake, ndi magolovesi. Anasendeza nyale.

"Yasamulani."

Anayasamula.

Pa dzino lakutsogolo, lam'mwamba, panali kagolide. Mtima wodulidwa pakati. Theka la Kelepi linkayang'ana kumanja. Ili linkayang'ana kumanzere.

Pele anayang'anitsitsa. Ayi, anadziuza yekha. Ku Nuku'alofa osula golide ndi ambiri. Mitima yodula pakati ingakhale mazana. Si choncho?

Dokotala anagwedeza kagolideko ndi kachitsulo. "Dzino lili bwino, golide ndi amene wamasuka. Pansi pake pabooka pang'ono. Timuchotsa, titsuka, timata, kenaka timubwezera. Auze."

Pele anawauza. Losaline anamugwira mkono mwamantha.

"Uwauze asamale, asanditayire. Golideyu ndi mphete ya apongozi anga. Mwamuna wanga anaidula pawiri, theka lake, theka langa. Anandiika sabata ya ukwati wathu."

"Akuti chiyani?" anafunsa dokotala.

Pele anamasulira. Liwu ndi liwu.

"Zokoma bwanji!" anatero dokotala. "Ine mkazi wanga ndinangomugulira ketulo."

Losaline anali woyankhula. Dokotala akukonza jekeseni, iye anapitiriza. "Kwanu n'kuti kuno, mng'ono wanga?"

"Ku Robinvale."

"Aa, ndiye ukumudziwa! Kelepi, wamtali, wa m'minda ya amondi. Woimba uja. Zaka zitatu tsopano ali kuno, ana anayamba kumuiwala nkhope. Ine n'nangolowa kwaya dala kuti ndimuone. Ukumudziwa eti?"

Ana! Zaka zitatu! Manda a mayi ake aja!

"Ndimamuona," anatero Pele.

"Akutinso chiyani?" anafunsa dokotala.

"Akuti amuna awo amagwira ntchito ku Robinvale. Ali ndi ana. Abwera kudzawaona."

Mawu ake anatuluka owongoka ngati akuwerenga m'buku. Koma msozi unatsika wokha, kuseri kwa magalasi, n'kuyamba kuyabwa pa tsaya. Dzanja lamanzere linanyamuka pang'ono kuti likapukute. Pakona paja cholembera cha Mayi Doherty chinasiya kuyenda.

Dzanjalo linaima m'malere. Linabwerera pa thireyi.

Msozi unatsetsereka mpaka unalowa m'chophimba kukamwa. Uyabwe, anatero Pele mumtima. Uyabwe mpaka utope.

Ntchito inayamba. Pele anayala kathonje kumbuyo kwa lilime, kuti kanthu kakagwa kasapite kukhosi. Dzanja lamanja linagwira paipi yoyamwa madzi ndi malovu, lamanzere likupatsira zida. Dokotala akatambasula zala osayang'ana, chida choyenera chinali chitafika kale. Mluzu wake unkamveka pansipansi.

Anakoka kagolide kaja pang'onopang'ono. Kanakana. Anakokanso. Mwadzidzidzi kanasomphoka, kanapulumuka pa kachitsulo, n'kugwera pa kathonje kaja, pafupi penipeni ndi kukamwa kwa paipi.

Mluzu unaduka.

Paipi imeneyo imameza chilichonse. Pele ankadziwa. Kungopendeketsa dzanja pang'ono chabe, theka la mtima wa Kelepi likanapita m'mapaipi limodzi ndi malovu ndi magazi. Ndani akanati wachita dala? Ngozi zotere zimachitika. Likanapita, ndipo iye akanamva kukoma mpaka ku zala za kumapazi.

Anayang'ana nkhope imene inali pansi pa nyale. Losaline anali atatsinzina, manja atapinda pachifuwa ngati akupemphera. Mayi ameneyu anamulakwira chiyani? Anawoloka nyanja ndi kwaya kudzaona mwamuna wake. Anamutchula mng'ono wake.

Ndipo satifiketi ija? Aitaye kachiwiri chifukwa cha munthu yemweyo?

Pele anachotsa paipi msangamsanga. Anatola kachitsulo kotsinira, anatsina kagolideko, n'kukaika m'kambale. Kanalira kuti ngwe.

"Wachita bwino," anatero dokotala, n'kupumira m'mwamba. Mluzu unayambiranso.

Anatsuka pobooka paja, anamata. Pele anatsuka kagolideko mbali zonse, anakaumitsa, anasakaniza zomatira mwachangu zisanaume, anapaka mkati mwake, n'kukapereka m'dzanja la dokotala. Ndi manja ake omwe anathandiza kubwezera mtima uja pa dzino la mwini wake.

Atawapatsa galasi, Losaline anamwetulira, anatembenuza mutu uku ndi uku, misozi ili lengelenge.

"Mulungu akudalitse, mng'ono wanga. Udzapeze mwamuna wabwino ngati wanga."

"Zimenezo musamasulire, ndamva ndekha kuti ndi madalitso," anatero dokotala akuseka.

Mbali yomaliza ya mayeso inali kuperekeza wodwala ndi kumulangiza. Pele anavula magolovesi, anasamba, n'kutsogolera Losaline ku chipinda chodikirira, Mayi Doherty ali pambuyo.

Kelepi anali pamenepo, ataimirira pafupi ndi khomo, makiyi a galimoto yobwereka ali m'manja. Dzina la chipatalachi Pele anamuuzapo kangapo. Koma Kelepi ankamva mawu ake okha, a anthu ena ankangomudutsa.

"Wokondedwa, taona!" anatero Losaline, akumuonetsa dzino. "Mwana wakwathu uyu ndi amene wandipulumutsira."

Kelepi anamwetulira, natambasula dzanja kwa mtsikana wa chophimba kukamwayo. Pele anatsitsa chophimbacho mpaka pa chibwano.

Makiyi anagwa pansi.

"Bambo," anatero Pele, mwaulemu wonse, "akazi anu asadye kanthu mpaka dzanzi litatha. Lero zofewa zokha. Asalume zolimba ndi dzino lakutsogololi. Likayamba kuwawa, mubwere nawo. Mwamva?"

Kelepi anawerama n'kutola makiyi aja.

"Wafunsidwa, yankha!" anatero Losaline, akumugunda ndi chigongono. "Mukhululukire mng'ono wanga, ndi wamanyazi pa anthu."

"Ndamva," ananong'ona Kelepi.

Atatuluka, Pele anabwerera m'chipinda muja. Anapukuta mpando, ananyamula zida, anazitsuka, anaziika m'makina ophera tizilombo, chilichonse m'malo mwake. Atamaliza anapeza Mayi Doherty ataima pakhomo.

"Msozi uja ndinauona," anatero. "Sindikufunsa kuti unali wa chiyani. Ndinaonanso dzanja likubwerera. Wakhoza, Pelenaise."

Wakhoza!

"Pali china. Mnzanga amayendetsa chipatala cha mano cha pa galimoto, chimene chimazungulira masukulu a kutali, kupitirira tauni ya Broken Hill. Wothandizira wake wachoka. Akufuna munthu Pasaka ikangotha. N'kutali, kumatentha, foni siigwira malo ambiri. Kaganize."

"Foni siigwira?"

"Masiku ena sabata yonse."

Pele anaseka koyamba tsiku limenelo. "Ndipatseni nambala yawo."

Atayatsa foni yake m'basi, mauthenga anagwa ngati matalala.

"Duwa langa ndiyankhe."

"Si mmene ukuganizira."

"Ndikufotokozera zonse. Usauze munthu."

"Mswachi wanga chonde."

Pele analira, zimenezo tisabise. Analira kuchokera ku Mildura mpaka pa mlatho wolowera ku Robinvale, nkhope ataitembenuzira pa windo. Atatsika anamina, anapukuta m'maso, n'kupita kukauza azakhali ake kuti wakhoza ndiponso kuti Kelepi ali ndi mkazi ndi ana.

Mayi Kalolaine anayamba ndi nthungululu. Zinazo anati aziona bwino.

Mawa lake masana Kelepi anafika pa mpanda. Sanayerekeze kulowa. Pele anatuluka atanyamula mayunifolomu amene ankaanula pa chingwe.

"Pele, moyo wanga, ndimvere kaye. Ukwati umene uja anandikakamiza achibale. Mumtima mwanga unatha kalekale."

"Ana aja anakukakamizanso achibale?"

"Usatero. Ndimakonda iwe. Losaline akabwerera ku Tonga Lachiwiri, ndiyamba zothetsa. Ndikulumbira pa..."

"Asiye mayi ako agone. Wawadzutsa kokwanira."

Kelepi anagwira mpanda ndi manja onse awiri, maso ali ofiira. "Tamva. Mphete ija inali yaikulu. Golide wina anatsala. Ndikupangira wako, wokongola kuposa uja."

Pele anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mtima wa mapisi atatu? Iwe Kelepi, ndi mtima kapena ndi buledi?"

Kukhitchini kunamveka kuseka kwa Mayi Kalolaine, kenaka kutsokomola konamizira.

"Chabwino," anatero Kelepi, mawu atasintha. "Koma usamuuze. Paja inu a chipatala muli ndi lamulo, simuulula za odwala."

"Lamulo wadziwa liti? Inde lilipo. Za dzino lake sindiuza munthu, ndipo sindinauze munthu. Koma unandifunsira pa siteji ya basi, osati m'chipatala."

Chitseko chinatseguka. Mayi Kalolaine anatuluka akupukuta manja.

"Ndipo chinangwa changa unadyera patebulo panga, mwana iwe," anatero. "Ine sindine wa chipatala. Kwaya yonse ya ku Tonga ikudzadya kuno Lamulungu tikaweruka, abusa ndi amene apempha. Uli ndi masiku mpaka Lamulungu kuti umuuze wekha ndi pakamwa pako pa golidepo. Ukapanda kutero, ndimutengera kuseri kwa nyumba, ndimukhazika pansi, ndimuuza ine."

"Mayi, chonde..."

"Mayi ako ali pa dzinopo. Choka pa mpanda wanga, ukundipindira waya."

Anachoka. Anayenda pang'ono, anatembenuka kuti mwina Pele akumuyang'ana. Pele anali akupinda yunifolomu.

M'nyumba, chikwama chinali yasa pabedi. Pele anali atayimba kale foni ija m'mawa. Mnzawo wa Mayi Doherty uja anamuuza kuti akwere basi ya Lolemba, akamudikira ku Broken Hill. Anaika mayunifolomu, nsapato zoyera, chipewa cha dzuwa, kamkeka kake ka kutchalitchi, ndi kalata ya Mayi Doherty yonena kuti wakhoza.

"Azakhali, mukamawauza a Losaline muwauze mofatsa. Alibe mlandu."

"Ukundiphunzitsa ine kuyankhula ndi mkazi mnzanga?" Mayi Kalolaine anakankhira m'chikwamamo zitini za nyama ndi paketi ya mabisiketi. "Kumeneko akuti kulibe chakudya cha anthu."

"Mwadzaza, sichitseka!"

"Chitseka. Ulira ukafika?"

"Mwina kamodzi."

"Kamodzi n'kololedwa. Kawiri ndibwera ndi sipuni."

Pele anakoka zipi. Inafika pakati n'kukana. Anakokanso, osatheka.

"Azakhali, takhalani pamwambapa."

Mayi Kalolaine anakwinya diresi, anatembenuka, n'kukhala pa chikwamacho ndi thupi lawo lonse. Bedi linalira. Zipi inayenda mpaka kumapeto.